Mwini Chombo Uja: Kodi Kukhulupirira Tisanaone N'kulakwa?

M'mabanja ambiri achikhristu muli mwana amene adabatizidwa, adalandira Ukaristia ndi Ulimbitso, mwinanso adatumikirako ku guwa, koma lero belu la Misa likamalira Lamulungu iye amangotembenukira kukhoma. Makolo akamufunsa, sanyoza Mulungu ayi. Amayankha mwaulemu ndithu kuti: "Sindikunena kuti Mulungu kulibe. Ndikungoti sindikudziwa, ndipo inunso simukudziwa. Nanga munthu woona mtima angavomere bwanji chinthu chimene sangathe kuchitsimikiza?" Yankho lotere limalasa kuposa mwano, pakuti wonyoza amangotiyesa opusa, koma uyu akuti chikhulupiriro chathu chili ndi kabodza m'kati mwake.

Maganizo amenewa sadayambe ndi ana athu. Ali ndi dzina, ali ndi kwawo, ndipo pali nkhani imodzi imene idawatambasula mwamphamvu kuposa zambiri. Ndiyo The Ethics of Belief, imene William Kingdon Clifford, katswiri wa masamu wa ku England, adasindikiza m'chaka cha 1877. Mutu wakewo ukufunsa ngati pali chilungamo kapena kulakwa pa kakhulupiriridwe ka munthu. Mwezi uno tiyeni tiiunike nkhaniyi mosakondera, tione pamene ikunena zoona ndi pamene yapunthwa.

Bwalo la ku London

M'chaka cha 1869, mumzinda wa London mudakhazikitsidwa bungwe lotchedwa Metaphysical Society. Anthu ophunzira, osiyana maganizo, ankakumana ndi kudyera pamodzi, kenaka mmodzi n'kupereka zimene walemba, anzake n'kumutsutsa. M'bungwemo mudali William Gladstone, amene pa nthawiyo adali nduna yaikulu ya Britain. Mudali mlakatuli Alfred Tennyson. Mudali Ambuye Henry Manning, arkiepiskopi wa Akatolika wa ku Westminster. Mudalinso Thomas Henry Huxley, katswiri wa zamoyo, amene ankateteza kolimba maphunziro a Charles Darwin. Okhulupirira ndi osakhulupirira ankakhalira tebulo limodzi, ndipo bungweli lidakhalapo mpaka 1880.

Huxley adaona kuti ambiri mwa anzake adali ndi dzina la mbali imene akuimira, koma iye adalibe. Adakumbukira anthu a m'zaka zoyamba za Eklezia otchedwa Gnostics, amene ankadzitama kuti akudziwa zinsinsi zakumwamba. Tsono adatenga liwu lachigriki lomwelo lotanthauza kudziwa, n'kuika patsogolo pake chilembo chokanira, napanga liwu lakuti agnostic, ndiye kuti munthu wonena kuti za Mulungu iye sazidziwa. M'chaka cha 1889 adafotokoza kuti chimenechi si chipembedzo, ndi njira ya kaganizidwe: munthu atsate nzeru zake mpaka pamene zingamufikitse, ndipo asamanamizire kuti watsimikiza chinthu chimene sichidaonetsedwe poyera. Adanenanso kuti mfundoyi njakale, ndipo adaloza malangizo a Paulo Woyera kwa Atesalonika onena za kuyesa zonse ndi kugwiritsa zabwino.

Tisamuyese munthu wopepuka mtima. M'chaka cha 1860 mwana wake wachisamba, Noel, adamwalira asanakwanitse zaka zinayi. Mbusa wa Anglican, Charles Kingsley, adamulembera kalata yomutonthoza ndi chiyembekezo cha moyo wosatha. Huxley adayankha kuti moyo wosathawo saukana, komanso sangauvomere chifukwa chongofuna kuti chisoni chake chichepe. Kunama sakadatha, ngakhale kudzinamiza yekha pa manda a mwana wake. Amene adaikapo mwana m'manda adziwa kulemera kwa yankho limenelo.

Clifford adali wamng'ono kwa Huxley ndi zaka 20. Adabadwa mu 1845, adaphunzira ku Cambridge, ndipo kuyambira 1871 ankaphunzitsa masamu pa University College London. Ali mnyamata adali Mkhristu wolimbikira wa Anglican, pambuyo pake chikhulupiriro chidamuchokera. Za nyanja ankazidziwa ndi thupi lake lomwe, chifukwa mu 1870 chombo chimene adakwera popita kukaona kadamsana chidasweka pafupi ndi Sicily, iye n'kupulumuka. Nkhani yake ija adayamba kuipereka pamaso pa bungwe lija mu 1876. Adamwalira ndi chifuwa chachikulu pa chilumba cha Madeira mu 1879, ali ndi zaka 33.

Mafanizo awiri

Clifford adayamba ndi fanizo. Munthu wina adali ndi chombo chonyamula anthu osamukira kudziko lina. Chombocho chidali chakale, sichidamangidwe bwino, ndipo chidakonzedwapo kambirimbiri. Mtima unkamuuza kuti mwina sichingathenso kuwoloka nyanja, ndipo kuti ayenera kuitana amisiri achiunike, ngakhale zimuthere ndalama zambiri. Koma adayamba kudzitonthoza. Adati chombochi chapirira mikuntho yambiri, sichingalephere ulendo uno. Adati Mulungu sangataye mabanja osauka amene akukafuna moyo wabwino. Adati kukayikira amisiri amene adachimanga n'kupanda chikondi. Pang'onopang'ono nkhawa idatha, ndipo adakhulupirira ndi mtima wonse kuti chombocho n'cholimba. Adatsazika apaulendo mokondwa. Chombo chidamira pakati pa nyanja, iye n'kulandira ndalama za inshuwalansi.

Omvera ake sadaone fanizoli ngati nthano. Zaka zomwezo phungu wa Nyumba ya Malamulo, Samuel Plimsoll, ankalimbana ndi eni zombo amene ankatumiza panyanja zombo zowola, zodzazidwa mopitirira muyeso, podziwa kuti zikamira inshuwalansi iwalipira. Lamulo la 1876 lidakakamiza kuti m'mbali mwa chombo muzijambulidwa mzere woonetsa polekezera katundu.

Chigamulo cha Clifford n'chakuti mwini chombo ali ndi mlandu wa imfa ya anthu aja. Zoti ankakhulupirira moona sizimupulumutsa, chifukwa chikhulupiriro chakecho sadachipeze pofufuza, adachipeza potsekereza mafunso. Ndipo ngakhale chombo chikadafika bwino, mlandu wake ukadakhalapobe. Akadangokhala wolakwa amene sadagwidwe.

Fanizo lachiwiri n'la anthu a pa chilumba china amene adamva mphekesera zoti atsogoleri a chipembedzo china akuba ana. Adautsa mtunda, nafalitsa nkhaniyo ponseponse. Boma litafufuza, lidapeza kuti oimbidwa mlanduwo ngosalakwa, ndipo kuti umboni woyeretsa dzina lawo udali pafupi, akadangofuna kuufunafuna. Onenezawo nawonso ankakhulupirira moona zimene ankanena, koma kuona mtima kwawoko sikudachotse manyazi awo.

Kuchokera pa mafanizo awiriwa Clifford adamanga lamulo lake: kuvomera chinthu chilichonse popanda umboni wokwanira n'kulakwa, kwa munthu aliyense, kulikonse, nthawi iliyonse. Adati palibe chikhulupiriro chimene chili cha munthu mmodzi yekha, pakuti chimene tachilandira mumtima chidzatuluka m'zochita zathu, ndipo tidzachipatsira ana athu. Munthu akazolowera kumeza chilichonse, amafooketsa mudzi wonse, ndipo mudzi wongomeza nkhani ndiwo munda wa onyenga. Wina akati alibe nthawi yofufuza, Clifford akumuyankha kuti ndiye asakhalenso ndi nthawi yokhulupirira.

Pamene Clifford akunena zoona

Mkhristu wowerenga nkhaniyi asathamangire kudziteteza. Ayambe waona kuti mwini chombo uja adabisala kumbuyo kwa dzina la Mulungu. Ankatha kuitana amisiri, koma adaona kuti kutchula chisamaliro cha Mulungu n'kotsika mtengo. Kumeneko ndiko kutchula pachabe dzina la Ambuye, ndiponso ndiko kumuyesa Mulungu kumene Yesu adakana pamene Satana adamuuza kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu. Woyendetsa minibasi ya matayala akutha amene wapachika korona pagalasi, n'kumati Mulungu atiteteza, ali m'gulu la mwini chombo. Chimodzimodzinso munthu wouza wodwala kuti ataye mankhwala akuchipatala chifukwa wamupempherera.

Fanizo lachiwiri lija ndiye lili pakhomo pathu penipeni. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zidawanda ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu angapo adaphedwa ndi magulu okwiya popanda wina woonetsa umboni. Izi zidachitika m'madera odzaza ndi matchalitchi. Nanga agogo angati amene athamangitsidwa m'midzi mwawo, ena kuphedwa kumene, chifukwa wina adalota kapena woombeza adaloza chala? Oponya miyala aja ankakhulupirira moona. Pa zinthu zotere Clifford ali kumbali ya lamulo la Mulungu loletsa kuchitira mnzathu umboni wonama, ndipo tiyenera kumuthokoza potikumbutsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Choopsa n'chakuti nthawi zina phula lakelo amadyetsa ena.

Eklezia nayenso safuna chikhulupiriro chakhungu. Pa 24 Epulo 1870, patangopita chaka Huxley atapanga liwu lake, Msonkhano Woyamba wa Vatican udaphunzitsa kuti munthu angathe kudziwa Mulungu ndi nzeru zake zachibadwa poona zolengedwa. Kuti kuvomera kwa chikhulupiriro sikuyenda kwa mtima kopanda maso. Kuti Mulungu adapereka zizindikiro zooneka zochitira umboni mawu ake. Ndiponso kuti nzeru ndi chikhulupiriro sizingatsutsane, popeza gwero lake ndi limodzi. Ambuye Manning, amene ankakhala m'bungwe limodzi ndi Huxley, adali nawo pa msonkhanowo. Choncho Mkatolika wonena kuti pa za Mulungu safunsa mafunso sakunena chiphunzitso cha Eklezia wake. Mkangano wathu ndi Clifford suli pa funso lakuti kodi pafunika chifukwa chokhulupirira. Pamenepo tikugwirizana. Mkangano uli pa funso lakuti umboni wokwanira ndi wotani.

Pamene nkhaniyi yapunthwa

Chofooka choyamba n'chakuti Clifford akuyeza zoona zonse ndi muyeso umodzi. Kulimba kwa chombo kumayesedwa ndi nyundo ya mmisiri. Masamu amatsimikizidwa pa bolodi. Koma zambiri zimene moyo wathu wakhazikikapo sizidziwika mwa njira zimenezi. Augustino Woyera, mwana wa kuno ku Africa, adalemba cha m'ma 391 kuti palibe munthu amadziwa bambo wake mwa kuona. Amakhulupirira mawu a mayi wake. Ngakhale mayiyo amamudziwa mwa mawu a azamba ndi olera. Munthu wokana kulemekeza makolo ake mpaka atatsimikiza yekha, tonse tingamuyese wosokonezeka mutu. Tsiku lathu lobadwa, malire a munda wa makolo, mbiri ya mtundu wathu, mankhwala amene tamwa m'mawa uno: zonsezi tidazilandira kwa mboni.

Kunena chilungamo, Clifford sadakane mboni. Adalola kuti tikhulupirire mawu a munthu ngati tili ndi chifukwa choganiza kuti ngwoona mtima ndiponso kuti ali ndi njira yodziwira zimene akunena. Koma atatsegula chitseko chimenechi, adachitsekanso pa nkhani za Mulungu. Kumapeto kwa nkhani yake adati tingapitirire zimene taona pokhapokha titaganiza kuti zosadziwika zikufanana ndi zodziwika, ndiye kuti chilengedwe chimayenda chimodzimodzi nthawi zonse. Mfundoyi njothandiza kwambiri pa sayansi, ndipo mlimi aliyense wosunga mbewu ya chaka chamawa amaitsata. Koma kodi Clifford adaitsimikiza ndi umboni wanji? Palibe adaonapo mawa. Kuti titsimikize kuti mawa lidzafanana ndi dzulo, tiyenera kuyamba taganiza kale kuti zimatero. Apa katswiri wa masamu nayenso wayamba ndi kudalira. Ndipo mfundoyi ikasanduka lamulo loti chinthu chosafanana ndi zonse sichingachitike, ndiye kuti kuuka kwa Khristu kwakanidwa mboni zisanalowe n'komwe m'bwalo. Woweruza wotere sadapeze kuti umboni ngwochepa; adakana kuumva.

Chofooka chachiwiri adachiona John Henry Newman, amene adaitanidwa kulowa m'bungwe lija koma adakana. Newman adabadwa mu 1801, adali mbusa wa Anglican, adalowa Chikatolika mu 1845, adakhala kadinala mu 1879, ndipo adalengezedwa kukhala woyera mu 2019. M'buku lake la 1870, lotchedwa Grammar of Assent, adafunsa mmene munthu amafikira potsimikiza chinthu m'moyo weniweni. Mngelezi aliyense amadziwa kuti Britain ndi chilumba ngakhale sadachizungulirepo. Aliyense wa ife akudziwa kuti adzafa. Kutsimikiza kotere sikuchokera pa chifukwa chimodzi chosagwedezeka. Kumachokera pa zifukwa zambiri zoloza kumodzi. Newman adafanizira zimenezi ndi chingwe. Kaulusi kamodzi ka khonje mwana angathe kukadula ndi zala, koma taulusi tambiri tikapotedwa pamodzi timamanga ng'ombe.

Chikhulupiriro cha Mkhristu woganiza chidapotedwa motero. Pali funso lakuti chifukwa chiyani pali zinthu m'malo mopanda kanthu. Pali dongosolo la chilengedwe, limene nzeru za munthu zimatha kuliwerenga ndi masamu omwe aja a Clifford. Pali liwu la chikumbumtima, limene limatitsutsa ngakhale pamene palibe watiwona, ndipo timalimva ngati la wina wotiposa. Pali munthuyo Yesu wa ku Nazarete, mawu ake ndi imfa yake. Pali gulu la ophunzira amene adathawa Lachisanu, koma patapita masabata owerengeka adaima poyera n'kumanena kuti amuona wamoyo ndipo adya naye. Pali miyoyo ya anthu oyera, yakale ndi yam'mudzi mwathu momwe. Wotsutsa angathe kutenga kaulusi kalikonse payekha n'kuonetsa kuti sikakwanira. Adzakhala akunena zoona za kaulusiko, koma za chingwe sadanenepo kanthu.

Chodabwitsa n'chakuti mkwiyo wa Clifford womwe uli m'gulu la taulusi timeneti. Iye akuti mwini chombo ngwolakwa ngakhale palibe adamugwira, ngakhale chombo chikadafika. Tikuvomera. Koma kulakwa kumeneku sikuoneka ndi maso, sikuyezedwa pa sikelo. Clifford akukudziwa motsimikiza, ndipo akudziwa mwa njira imene lamulo lake silikuifotokoza.

Chofooka chachitatu n'chachikulu koposa. Chombo ndi chinthu, Mulungu amene Akhristu amamulalika ndi wamoyo, wodziwa ndi wokonda. Chinthu umachidziwa pochigogoda. Munthu umamudziwa akakutsegulira mtima, ndipo sautsegulira woti wabwera kudzamuyesa. Paja amati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Mnyamata ndi mtsikana amene akumanga ukwati amakhala atafufuza: ankhoswe akambirana, mbiri ya banja yamveka, maina alengezedwa m'tchalitchi. Kulowa m'banja popanda zimenezi ndi uchitsiru wa mwini chombo. Komabe zofufuza zonsezi sizingatsimikize kuti mnzakoyo adzakusamala ukadzadwala patapita zaka 30. Chitsimikizo chimenecho chimabwera pambuyo pa lonjezo, ndipo chimabwera chifukwa cha lonjezolo. Wodikira kuti achione asanalonjeze adzafa mbeta, ndipo sadzadziwa kuti chikondi chokhulupirika chidalipo.

Palibe wotsala pagombe

Mfundo yotsirizayi adaikweza William James, mphunzitsi wa pa Harvard ku America, poyankha Clifford m'nkhani yake ya 1896 yotchedwa The Will to Believe. James adati munthu ali ndi maudindo awiri, kupewa kunyengedwa ndi kupeza choona, ndipo maudindowa sayenda limodzi nthawi zonse. Clifford adaopa kwambiri kunyengedwa, mwakuti adalolera kutaya choona chilichonse chimene sichidzera pa khomo lake. Kusankha koteroko sikudachokere pa umboni. Kudachokera pa mantha. James adaonjeza kuti pali mafunso ena aakulu amene munthu sangawazembe, chifukwa kusayankha kumakhala yankho. Blaise Pascal, katswiri wina wa masamu wa ku France amene adamwalira mu 1662, adali atanena kale kuti pa funso la Mulungu tonse tili m'chombo chimene chanyamuka kale.

Apa ndi pamene munthu wonena kuti sadziwa ayenera kudzifunsa. M'maganizo angathe kuima pakati, koma moyo sulola. Usiku uno apemphera kapena sapemphera. Mwana akabadwa amubatizitsa kapena samubatizitsa. Pa maliro a mayi ake ayembekeza kapena sayembekeza. Zaka zikamapita iye akudikira umboni, amapezeka kuti wakhala moyo wonse monga munthu amene adayankha kuti ayi. Mvula yoyamba ikagwa, mlimi sadziwa ngati ipitirira. Wobzala angathe kutaya mbewu, koma wosabzala nayenso wasankha, ndipo nkhokwe yake idzaonetsa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Komabe James tisamutsate mpaka kumapeto. Kufunitsitsa kuti chinthu chikhale choona sikuchisandutsa choona, ndipo mwini chombo nayenso ankafunitsitsa. Mfundo ya James ikungoonetsa kuti kudikira kuli ndi mtengo wake. Siikuonetsa kuti Mulungu alipo. Tomasi Woyera wa ku Aquino adafotokoza bwino koposa. Adati kukhulupirira ndi ntchito ya nzeru imene ikuvomera choona cha Mulungu, mtima utafuna, chaulere cha Mulungu chitausuntha. Zitatu zonsezi zikufunika. Nzeru zimationetsa kuti mboniyo njodalirika. Zifukwazo n'zokwanira kuti kuvomera kukhale kwanzeru, koma sizitikoka pakhosi monga masamu amachitira, kuti kuvomerako kukhale kwaufulu. Ndipo mphamvu yoponya phazi lotsiriza ndi mphatso. N'chifukwa chake Msonkhano Wachiwiri wa Vatican mu 1965 udanenetsa kuti munthu asakakamizidwe kukhulupirira.

Kusiyanitsa wokhulupirira ndi mwini chombo

Tsono tidziwa bwanji ngati chikhulupiriro chathu n'choona kapena ndi chija cha mwini chombo? Fanizo la Clifford lomwe likutipatsa mafunso atatu.

Loyamba: kodi mafunso timawalola? Mwini chombo adathawa amisiri. Mkhristu amene amakwiya mwana wake akafunsa za chiyambi cha dziko kapena za kuvutika kwa osalakwa akuonetsa kuti akuopa kuti chombo chake n'chowola. Tomasi wa ku Aquino ankayamba funso lililonse polemba mfundo zamphamvu za otsutsa, ndipo pa funso la kukhalapo kwa Mulungu adaika patsogolo vuto la zoipa za pansi pano. Petro Woyera adalangiza Akhristu kuti akhale okonzeka kufotokoza chifukwa cha chiyembekezo chawo, mofatsa ndi mwaulemu.

Lachiwiri: apindula ndani, alipira ndani? Chikhulupiriro cha mwini chombo chidamusungira ndalama, ena n'kulipira ndi moyo. Chikhulupiriro chimene chimangotikomera, chotilonjeza chuma, chotiuza kuti adani athu ndiwo afiti, tichikayikire. Cha Mthenga Wabwino chimatilamula kukhululukira amene sitifuna kumukhululukira, kubweza zimene tidaba, kusenza mtanda.

Lachitatu: mboni yake ndani, ndipo ikuti idaona chiyani? N'zoona kuti kufera chinthu kumangoonetsa kuona mtima, sikuonetsa kuti chinthucho n'choona. Anthu afera mabodza ambiri amene adawalandira kwa ena. Koma Apostoli sankanena za maganizo amene adawamva. Ankanena za munthu amene adayenda naye, amene adamuona ataphedwa, namuonanso wamoyo. Paulo, polembera Akorinto patangopita zaka pafupifupi 25, adatchula mboni ndi maina, nanena kuti ambiri mwa anthu oposa 500 amene adamuona adakali moyo. Munthu angathe kuwakana, koma ayenera kuyamba wawamva, monga amachitira ndi mboni zina zonse.

Wokayika wa m'nyumba mwathu

Sitingabise kuti mdima umafikira okhulupirira omwe. Chaka chomwe James ankapereka nkhani yake, sisitere wina wachitsikana wa ku Lisieux ku France, Tereza Woyera wa Mwana Yesu, adalowa mu mdima umene sudamuchoke mpaka imfa yake pa 30 Seputembala 1897, ali ndi zaka 24. Kumwamba kumene ankakuona pafupi kuyambira ali mwana kudasanduka ngati khoma. Sadanamizire kuti akumva zimene sakumva, ndipo pa ichi adafanana ndi Huxley. Adasiyana naye pa chimodzi: adagwiritsa lonjezo la Iye amene adamudziwa kuwala kukadalipo. Kuyambira pamenepo anthu osakhulupirira ankawatcha abale ake, ndipo ankawapempherera monga wodya nawo m'mbale imodzi.

Mtumwi Tomasi nayenso timamuweruza mofulumira. Cholakwa chake sichidali kufunsa. Chidali kukana umboni wa anzake amene adakhala nawo zaka zitatu ndipo ankadziwa kuti si abodza. Koma taonani zimene zidachitika pa masiku asanu ndi atatu aja. Tomasi sadachoke pagulu, ndipo anzakewo sadamuthamangitse. Yesu adamupeza ali pakati pawo, ndipo m'malo momukalipira adamuonetsa mabala. Pamene adatcha odala anthu amene adzakhulupirire asanaone, sankayamika omeza chilichonse. Ankanena za ife, amene tidzadalire mawu a mboni zimene zidaona.

Makolo a mwana wokayika atengepo phunziro. Asamutemberere, asamuyese wogwidwa ndi mizimu yoipa, asamuchotse pa mphasa ya banja. Mwana amene akukana kunena ndi pakamwa zimene mtima wake sukuvomera ali ndi mbewu ya chilungamo imene Mulungu wa choona sangainyoze. Tikumbukirenso chenjezo la Msonkhano Wachiwiri wa Vatican lakuti okhulupirira ali ndi gawo lawo pa kusakhulupirira kwa ena, pamene moyo wawo ukuphimba nkhope ya Mulungu m'malo moionetsa. Umboni woyamba umene mwana amauwerenga ndi bambo ake ndi mayi ake.

Koma mwanayo naye timufunse mwachikondi funso la Clifford yemwe. Udindo wofufuza suli pa okhulupirira okha. Mwini chombo adali ndi chifukwa chosafunira kudziwa, ndipo munthu angathenso kukhala ndi chifukwa chosafunira kuti Mulungu akhalepo, popeza akakhalapo pali zina zoyenera kusiya. Kodi wawerenga Mthenga Wabwino umodzi wonse ndi maso a munthu wamkulu, kapena akukana katekisimu amene adamuloweza ali ndi zaka 9? Kodi wafunsa anthu amene adalimbana ndi mafunso omwewa? Kodi adayesapo kupempha, ngakhale mokayika, monga bambo uja wa mwana wodwala amene adavomera kwa Yesu kuti chikhulupiriro chake n'choperewera, napempha thandizo? Mawu akuti "sindikudziwa" ngaulemu pakamwa pa munthu amene akufunafuna. Akasanduka pogona, afanana ndi mtendere umene mwini chombo adaupeza pamene adaleka kufunsa.